Nkhumba Yosunga Sabata

Ku Dambe, kumtunda kuja kumene nkhungu imadzuka mochedwa kuposa alesi, kunali kamtsinje kena kochepa, koti mwana amakadumpha osanyowetsa chidendene. Koma musakapeputse ayi. Kamtsinje kameneka ndi kamene kankalekanitsa anthu opita kumwamba ndi anthu opita kumoto. Vuto linali limodzi basi: tsidya lililonse linkati opita kumwambawo ndi ife.

Tsidya la kum'mawa kunali a Sabata, la kumadzulo kunali Aroma. A Sabata ankati Aroma amagwadira zidole ndi kupemphera tsiku lolakwika. Aroma ankati a Sabata ndi anthu omvetsa chisoni, oopa mlamba ngati ndi njoka. Mchere ukatha ankapemphana bwinobwino, maliro akagwa ankalira limodzi, koma munthu woganizira anzake ankayesetsa kumwalira pakati pa mlungu kuti asavutitse anthu.

Yunike ankakhala tsidya la a Sabata, koma sanali wa Sabata. Anabatizidwa kwa Aroma ali wakhanda, ndipo kutchalitchi ankaonekerako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, mvula ikakhala kuti sikugwa. Mwamuna wake, Laimoni, anapita ku Joni mu 1947, n'kumusiyira zinthu ziwiri: mwana wamkazi dzina lake Stelia, ndi kankhumba kakakazi kamawangamawanga. Laimoniyo sanabwerenso. Yunike anatcha kankhumbako dzina loti Mtchona, kuti azikhala ndi womutukwana m'mawa uliwonse. Koma kutukwana kwake kunali kwa pakamwa chabe. Pa njala ya 49, anthu akudya mizu, iye anadya mizu pamodzi ndi nkhumba yakeyo, mpeni osautola.

Kalata yochokera ku Joni inabwerapo imodzi yokha. Yunike sankadziwa kuwerenga, choncho anaoloka nayo kamtsinje kupita kwa mlongo wake, a Benedict, amene anakwatira tsidya la Aroma ndipo anali katekisiti kumeneko. A Benedict anaitambasula, anatsokomola, n'kuwerenga kuti Laimoni ali bwino, akupereka moni, ndipo akuti mkazi wake adikire. Yunike anadikira zaka zitatu. Tsiku lina Stelia, ataphunzira kulumikiza malemba ku kasukulu ka pamudzi, anaipeza kalatayo ku tsindwi n'kuyamba kuiwerenga mokweza, chala chili pa pepala.

"Nda-pe-za mka-zi wi-na ku-no. U-sa-ndi-di-ki-re."

Yunike anaoloka kamtsinje osaona n'komwe kuti pali madzi. A Benedict sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati ukwati wa m'tchalitchi sutha, ndipo akanawerenga zoonazo, mlongo wawo akanakwatiwanso n'kugwa m'tchimo. Anati Yunike ayenera kuthokoza. Ndithu, anthu ena amakuba zaka zitatu za moyo wako kenaka n'kudikira kuti uwawombere m'manja. Tsiku limenelo Yunike analumbira kuti mwana wake aphunzira mpaka pomwe sukulu imathera, kuti pasadzapezeke mwamuna wa jekete womuwerengera bodza.

Mu 1952 Stelia anamaliza kasukulu kaja, kamene kankathera pa Sitandade 2. Kupitirira apo kunali ku mishoni ya a Sabata, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, kumene atsikana ankagonera komweko. Chaka chilichonse mudziwo unkapatsidwa malo a mtsikana mmodzi yekha, ndipo mtsikanayo ankalowa ndi kalata ya mkulu wa mpingo. Mkulu wa mpingoyo anali a Zefaniya, munthu wamtali, wa mawu ofatsa ngati akutonthoza wodwala, womanga mabatani mpaka pakhosi, cholembera chili nga m'thumba la pamtima kuti aliyense aone kumene kuli mphamvu.

"Make Stelia," anatero a Zefaniya, Yunike atagwada pakhonde pawo, "mwanayu ndi wanzeru, palibe wotsutsa. Koma sukulu ija ndi ya ana a mpingo. Inu muli kuti?"

"Ndili pompano, abambo. Mpingo ndilowa."

"Mowa umene mumafulula uja?"

"Ndisiya."

"Fodya wa m'mphuno?"

"Ndisiya."

"Mikanda, ndolo, mbewa, mlamba?"

"Zonsezo ndisiya, abambo."

A Zefaniya anatseka maso ngati akumva kuwawa m'mimba. "Nanga chija chimalira kuseri kwa nyumba yanu chija?"

Ankanena nkhumba ija. Mtchona tsopano anali nkhumba yaikulu, ndipo ana ake otsatira ndi amene akanasinthanitsidwa ndi bulangete ndi diresi za Stelia zopita nazo ku mishoni. Taonani nzeru zake: kuti mwana alowe sukulu, nkhumba ichoke, kuti mwana afunde kusukuluko, nkhumba ikhalepo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yunike anayankha kuti nayonso ichoka.

Kwathu kuno kuli mwambo woikiza chiweto. Umakasiya mbuzi kapena nkhumba yako kwa mbale, iye n'kumaisunga ngati yake, ikaswa amatengapo mwana mmodzi, koma mwini wake amadziwika. Yunike anamanga Mtchona chingwe kumwendo, n'kumukokera kwa a Benedict, poti mlongo wina analibe.

A Benedict anaseka mpaka kolona wawo anagwedezeka pachifuwa. "Ha! Achemwali akutuluka mu mpingo woona, nkhumba yawo ikulowa. Sitinaluze kanthu ife!"

"Achimwene, ndaikiza chabe. Mwamva? Ndaikiza."

"Ndamva, ndamva. Chibale ndi fupa, sichiola."

Yunike analowa kalasi la ubatizo. Anaphunzira nyimbo, anaphunzira kuti tsiku limayamba dzuwa likalowa, anaphunzira kuyetsemula popanda fodya. Mkanda wa m'chiuno anaubisa mu mtsuko. Zonse zinkayenda, kupatula chinthu chimodzi chimene palibe anachiganizira.

Lachisanu ndi tsiku lokonzekera kwa a Sabata. Amayi onse amasinja ndi kuphikiratu za masiku awiri dzuwa lisanalowe. Mitondo imalira mudzi wonse, gaga amangoti mbwee paliponse, fungo n'kuoloka kamtsinje popanda kupempha chilolezo kwa mpingo uliwonse. Lachisanu loyamba lomwelo, Mtchona anakumba pansi pa khola la a Benedict, anaoloka, nadzagona kuseri kwa nyumba ya Yunike pamalo ake akale, akulira mokondwa.

Dzuwa linali litalowa kale. Yunike sakanamukoka, poti inali Sabata. Loweruka a Zefaniya analetsa Aroma kudzakoka nkhumba pakati pa mudzi, ati kulira kwake kuipitsa tsiku loyera. Lamulungu a Benedict anati iwo sagwira ntchito, ndipo a Sabata anati iwo sakhudza chonyansa. Mtchona anabwezedwa Lolemba. Mlungu wotsatira a Benedict anaika miyala, iye anaigubuduza. Anazika mitengo, iye anaizula. Lachisanu lililonse ankafika pa nthawi yake kuposa madikoni. M'dera lonselo cholengedwa chokhacho chimene chinkasunga masiku onse awiri mokhulupirika chinali nkhumba imeneyi.

Yunike ankaitukwana masana, koma pobisira ankaithirira gaga m'phale. Mtima wake unkasungunuka. Mwamuna anapita osabwera, koma ichi chinkabwera ngakhale achitsekere ndi miyala.

"Ndi ya achimwene, yangozolowera njira," ankatero kwa ofunsa. A Zefaniya ankangogwedeza mutu.

Tsiku la ubatizo linafika. Kunabwera abusa a Malizani kuchokera ku mishoni, munthu wachikulire, wa mtima wabwino ndi maso ofooka, atakankha njinga mapiri onse aja. Popeza a Sabata amabatiza momiza thupi lonse, ndipo kamtsinjeko sikakanamiza ngakhale nkhuku, Lachisanu m'mawa amuna anatseka madzi ndi miyala ndi zibuma mpaka panachita dziwe lofika m'chiuno. Linali dziwe lokongola ndithu, matope ake ofewa.

Loweruka m'mawa mpingo unatsetsereka ukuimba, obatizidwa atavala zoyera, Yunike ali pakati pawo. Tsidya linalo Aroma anali atakhala kale pa udzu, ana ndi akulu omwe, poti kuonera a Sabata akumizana kunali kosangalatsa kuposa gule. Nyimbo inathera pakati. M'dziwe muja, mphuno yokha ili kunja, munali Mtchona.

Aroma anafa nako kuseka. Mayi wina anachita kugubuduzika.

"Yatsogola!" anakuwa wina. "Abusa, yambani ndi imeneyo, yafika kale!"

Yunike anapemphera kwa nthawi yoyamba ndi mtima wake wonse, kuti nkhumbayo isamuone. Koma pemphero la munthu wa m'kalasi mwina limachedwa panjira. Mtchona anadzuka, anadzikutumula, anayenda molunjika kudutsa madikoni, nadzadzikhula pa nsalu yoyera ya Yunike kuyambira m'bondo mpaka m'chiuno, akulira mwachikondi.

Abusa a Malizani anatsitsa magalasi. "Kodi chiwetochi n'cha yani?"

A Zefaniya anayankha mofatsa, maso ali kumwamba. "Mwina mayiwa atiuze okha, abusa. Chikuoneka kuti chikuwadziwa."

Yunike anayang'ana Stelia, amene anaima pakati pa ana, kabuku ka nyimbo kali m'manja. Anayang'ana cholembera chija m'thumba la a Zefaniya.

"Si yanga, abusa. Ndi ya achimwene anga tsidya ilo."

"Mayi, muli pafupi ndi madzi a ubatizo," anatero abusa. "Nenani pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu onsewa. Mulibe gawo lililonse pa chiwetochi?"

"Ndilibe, abusa. Ngakhale mchira."

A Benedict anaimirira tsidya lija, anakonza jekete, n'kukweza mawu ngati akulengeza za ukwati. "Mwamva nonse, eti? A kuno ndi a uko, mwamva? Ndi yanga!" Anaoloka okha ndi chingwe, n'kuikoka ikulira, ikucheukira Yunike. Madzi atadekha pang'ono, Yunike anamizidwa m'dziwe lomwelo. Anavuuka ali Mkhristu watsopano, akununkha Mtchona.

Patangopita masiku asanu ndi atatu, kwa Aroma kunabwera bambo mfumu kudzachita Misa, ndipo kunali phwando. Yunike ali kumunda kwake akupalira mbatata ya kachewere, anamva kulira kumene sakanakusokoneza ndi kwina. Kunalira nthawi yaitali, kenaka kunati zii. Anaponya khasu, nathamanga. Anapeza a Benedict manja ali magazi, akuuza anyamata mowaulira bwino.

"Achimwene! Ndinaikiza! Ndinakuuzani kuti ndaikiza!"

"Iwe, usandichititse manyazi pamaso pa alendo. Unanena wekha, mipingo iwiri ikumva, kuti ulibe ngakhale mchira. Kapena unanama pa madzi a ubatizo? Ngati unanama, tiye tikawauze a Zefaniya." Anapukuta mpeni pa udzu. "Ndikanakupatsako mwendo, koma inu a Sabata paja simudya."

Akanakasuma kuti? Mboni zonse za m'dera lonselo zinali za a Benedict, ndipo mboni yaikulu inali iye mwini. Analira njira yonse, kulira kwenikweni kwa maliro, ndipo sanachite nako manyazi. Chinamutonthoza n'chimodzi: mtengo walipiridwa, kalata ya Stelia ituluka.

Sukulu itatsala milungu iwiri kutsegulidwa, anakagwadanso pakhonde pa a Zefaniya.

"Make Stelia," anatero iwo, mawu ali ofewa ngati nthochi yakupsa, "ndapemphera kwambiri za nkhaniyi. Inu ndinu khanda mu mpingo. Ndiponso zija zinachitika kumadzi zija zinasiya kafungo. Chaka chino apite Constance, mwana wa mlongo wanga, amene anabadwira m'choonadi. Stelia tidzaona chaka chamawa, Ambuye akalola."

Constance ameneyu anali atakhala zaka zitatu mu Sitandade 1, ndipo dzina lake lomwe ankalilemba mosiyanasiyana tsiku lililonse. Koma pemphero la a Zefaniya linali ndi chizolowezi chogwera pa abale awo.

Yunike sanapite kunyumba. Miyendo inamutengera tsidya lija, kukhola kumene Mtchona anathera, kaya kukatani. A Benedict kunalibe. Anapeza mkazi wawo, Dailesi, akuthira madeya m'khola. Dailesi anali mayi wa pakamwa posatseka, koma mtima wake unali wabwino kuposa wa mwamuna wake. Atamva zonse, anaika dengu pansi, manja m'chiuno.

"Alamu, inu ndinu opusa, pepani kunena. Mumayesa ndinu oyamba kuikiza nkhumba kuno? Kulakwa kwanu n'kumodzi: munabweretsa nkhalamba yodziwa kwawo. Anzanu amabweretsa tiana tongoleka kuyamwa, tosadziwa njira."

"Anzanga ake ati?"

"Iii, taonani m'kholamu! Ife nkhumba zathu ndi ziwiri zokha. Yakuda iyo ndi ya dikoni William. Zodulidwa khutu lakumanzere kawiri izo, zinayi, pamodzi ndi tiana ito, ndi za a Zefaniya anuwo. Achimwene anuwo amakawagulitsira ku Lisungwi, n'kubwerako ndi mchere ndi nsalu. Jekete lija a Zefaniya amapempherera lija mumayesa linagwa kumwamba? Iwo amati Malemba analetsa kudya, sanaletse kukhala nazo tsidya lina. Ndiye Lamulungu, ife tili ku tchalitchi, ana awo amadzatikumbira mbatata. Pa guwa amatukwanana, kuseri amagawana."

Yunike anayang'ana tiana tija nthawi yaitali. Misozi inauma yokha.

"Alamu, abusa a Malizani akubwera liti kudzadyetsa mgonero?"

"Ndingadziwe bwanji ine, ndine wa Sabata? Koma ndamva kuti Lachisanu."

"Lachisanu mudzandibwereke kamodzi. Kolira kwambiri."

Dailesi anaseka mpaka anakhala pansi. "Ine sindinaone kanthu, alamu. Ndidzakhala ndili kumadzi."

Lachisanu masana abusa a Malizani anali atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mapichesi, pabwalo la a Zefaniya, akumwa thobwa ndi kupumitsa miyendo. Yunike anatulukira ndi Stelia, kumsana atabereka kanthu, atakafunditsa nsalu mpaka kumutu monga achitira ndi khanda pa mphepo ya ku Dambe. Anagwada patali, napereka moni.

"Muli bwanji, abusa?"

"Ndili bwino, mayi, kaya inu? Mwanayo akupuma movutika bwanji? N'chifuwa?"

"Amatero akakhala ndi njala, abusa. Ndi wa eni ake, ndangowanyamulira. Ndimafuna akulu a mpingo pang'ono."

A Zefaniya anapita naye kuseri kwa nkhokwe, nkhope ili yotopa ngati ya munthu wovutitsidwa ndi nkhosa zake. Yunike anatembenuka, n'kuvundukula nsalu pang'ono. Panatuluka khutu lakumanzere, lodulidwa kawiri. Pansi pake kadiso kakang'ono kanawayang'ana a Zefaniya mwaulemu.

Mawu ofatsa aja anathawa. "Mayi inu! Mwapenga? Chotsani chimenecho pano!"

"Ndichotsa, abambo. Ndimati ndikawaonetse abusa kaye, ndiwafunse ngati chodulidwa khutu chonchi chimakhala choyera. Ine paja ndine khanda mu mpingo, zambiri sindidziwa. Akafuna kuona zinzake, khola silili patali. A Dailesi amadziwa mwini wa iliyonse."

"Mukufuna chiyani?"

"Mukudziwa."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Zefaniya analowa m'nyumba, natuluka ndi pepala, nalemba atatsamiza pa nkhokwe. Analipinda kanayi, n'kumupatsa. "Nayi. Pitani tsopano, dzuwa likulowa."

Yunike anailandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Kenaka anaipereka kwa Stelia. "Werenga."

"Aaa, kalata ya mpingo sawerenga mwana!" anatero a Zefaniya.

"Werenga, mwanawe."

Stelia anaitambasula. Sanaikenso chala pa pepala ngati kale. "Alemba kuti, wonyamula kalatayi ndi mayi wovuta, musamumvere. Malo ndi a Constance."

Yunike sanakalipe. Anangopisa dzanja kumbuyo, napeza kamchira, n'kukapotokola pang'ono. Kulira kumene kunatuluka m'nsalumo kunadzidzimutsa nkhuku zonse za pabwalo.

"A Zefaniya!" anaitana abusa kuchokera pansi pa mtengo. "Mwana uja wadwalikatu! Bwerani naye kuno timupempherere!"

"Ayi, abusa, musavutike! Khalani pomwepo! Ndikumupempherera ndine!"

Ndipo anapempheradi, pakamwa pakunena za odwala mokweza kuti abusa amve, dzanja likulemba kalata yachiwiri mofulumira kuposa mmene analemberapo chibadwire. Stelia anaiwerenga yonse, kuyambira pa deti mpaka pa dzina la wolemba. Munali dzina lake, Stelia Laimoni, mwana wa khalidwe labwino, wa mayi wokhulupirika mu mpingo. Yunike anauza mwanayo kuti akaipereke m'manja mwa abusa pomwepo, iwo akaisunge okha m'chikwama, kuopa kuti a Zefaniya angapempherenso usiku n'kulandira yankho lina. Kankhumbako anakabweza kukhola dzuwa lisanalowe, poti iye sanali wakuba, ndiponso Sabata inali pafupi.

Stelia ananyamuka Lamulungu lotsatira. Diresi latsopano panalibe. Bulangete anatenga la amake, lokhalo limene linali m'nyumbamo, ndipo Yunike anamuuza kuti iye safunda bulangete, limamuyabwa. Anamuperekeza mpaka pamwamba pa phiri, pamene njira imatsetserekera ku mishoni.

"Amayi," anatero Stelia, "kumadzi kuja munanama."

"Ndinanama, mwanawe. Iwe ukaphunzire, kuti usadzasowe kunama ngati ine. Pita, dzuwa lakwera."

Anaima pomwepo mpaka kamtolo ka pamutu kanabisika m'mitengo.

Mu mpingo Yunike anakhalabe. Akanapitanso kuti, zonse atasiya kale? A Zefaniya ankamupatsa moni ndi manja awiri Sabata lililonse, ndipo ulaliki wawo wa zinyama zodetsedwa unafupika kwambiri. A Benedict anapitiriza kulalikira kuti tsidya linalo ndi la otayika, akusunga nkhumba za otayikawo. Lachisanu Yunike ankasinja ndi anzake, ndipo kawiri konse anadzipeza atathira gaga m'phale kuseri kwa nyumba, ataima, akuyang'ana kukamtsinje. Nkhuku ndi zimene zinadya.

Patapita miyezi iwiri, munthu wina wochokera ku mishoni anamubweretsera kalata. Pa envulopu panali malemba oongoka bwino, ndipo Yunike anadziwa kuti ndi a Stelia monga mayi adziwira mapazi a mwana wake pa fumbi. Anaitembenuza uku ndi uku. Anainunkhiza. M'nyumba monse munalibe woti amuuze kuti, werenga.

Mbiri inayenda msanga. A Zefaniya anafika pakhomo, cholembera chili m'thumba, n'kunena kuti monga mkulu wa mpingo ali okonzeka kuthandiza. A Benedict anatuma mawu kuti chibale ndi fupa, abwere nayo amuwerengere. Yunike anawathokoza onse awiri mwaulemu.

Kenaka anakwera pa mtondo, naisomeka kalatayo ku tsindwi, pamalo pomwe pankakhala ya Laimoni, osaitsegula. Tchuthi chinali chitatsala miyezi itatu. Anali atadikirapo zaka zitatu chifukwa cha bodza. Miyezi itatu akanatha kudikira kuti mwini wake adzawerenge yekha. M'mawa uliwonse, akadzuka pa mphasa yopanda bulangete, ankayamba wayang'ana kumwamba kuti aone ngati ikadalipo.